Nkhono Yapakati pa Chiwaya

Ana anga, nonse munakula mukuona chinthu chimodzi chimene simunachimvetse. Loweruka lililonse ndimaphika nkhono za kanela zisanu ndi zinayi, timikate topiringizika tonunkhira sinamoni tija, mizere itatu pa chiwaya, ndipo zikapsa yapakati ija ndimaichotsa ndekha, n'kuikulunga pa kansalu, n'kupita nayo kumsewu kukapatsa munthu woyamba kudutsa. Rozariya ankauza anzake kuti bambo ake amadyetsa mizimu ya m'puligatoriyo. Jowakimu, yemwe sanakhutepo chibadwire, ankati ndi nkhanza chabe. Malemu mayi anu ankadziwa chifukwa chake koma anapita nacho kumanda osatsegula pakamwa, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza mpaka lero. Tsopano manja ayamba kunjenjemera, kukanda ndimachita kupumira, choncho ndati ndilembe ndisanayambe kusokoneza zaka. Za ubwana wanga musaziyembekezere muno. Ndinkaweta mbuzi ngati mwana wina aliyense, ndipo mbuzizo sizinandiphunzitse kanthu.

Lifidzi, nkhondo ya azungu ili pafupi kutha

Ntchito yanga yoyamba inali yowaza nkhuni pa mishoni. Ndinali nditamaliza kalasi yachitatu, ndikutha kuwerenga katekisimu ndi kupereka moni m'Chipwitikizi, ndipo mumtima ndinkadziona ndili pa mpando, cholembera chili kukhutu. M'malo mwa cholembera anandipatsa nkhwangwa, nanditumiza kuseri kwa kuzinya, nyumba yophikiramo chakudya cha azibambo. Woyang'anira kumeneko anali Irimau wina, ndiye kuti bulazala, wochokera ku Putukale, wamfupi, wa khosi lofiira, yemwe tinkamutcha a Depuresa chifukwa mawu amenewa, otanthauza kuti fulumira, sankachoka pakamwa pake. Ukamatunga madzi, depuresa! Ukamasesa, depuresa! Ndikuganiza kuti ngakhale popemphera ankamufulumizitsa Mulungu. Koma munthu yemweyo akafika pa mtanda wa mkate ankasanduka wina, wodekha, wolankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba muli wodwala.

Wophika mkate wakale atathawira ku Halale kukafuna ntchito ya m'mafamu, a Depuresa anatiimika pa mzere ife anthu a nkhuni ndi madzi, nayamba kutigwira m'manja mmodzimmodzi. Atafika pa ine anakhalitsa.

"Iwe dzina ndani?"

"Zakariya Phiri, Irimau."

"Zakariya, manja ako otentha. Siya nkhwangwa, samba mpaka m'zigongono. Depuresa!"

Umo ndi momwe ndinasankhidwira ntchito ya moyo wanga wonse, osati chifukwa cha nzeru za kalasi yachitatu zija. Tsiku lomwelo anandionetsa kamphika kadothi kamene kankakhala pa alumali pafupi ndi uvuni, kovundikiridwa ndi nsalu yonyowa. M'katimo munali kamtanda kotuwa, kochita thovu, konunkhira ngati thobwa logona. Iye ankati feremento, ife tinkati chotupitsa. Nthawi imeneyo kunalibe cha m'timapepala chimene mumagula ku loja masiku ano. Pokanda unkatapa pang'ono m'kamphikamo, kenako n'kubwezeramo ufa ndi madzi ofunda kuti chotsalacho chidye. "Ichi chamoyo," anatero Irimau m'Chinyanja chake chopindika. "Chimadya, chimamva mphepo. Iwe ukaiwala icho, icho chikuiwala iwe."

Mkate wa masiku onse ndinauphunzira m'miyezi iwiri. Nkhono ndiye zinanditengera chaka. Dzina limeneli tinazipatsa ndife chifukwa cha kupiringizika kwake, ndipo zinkaphikidwa Loweruka lokha kuti azibambo amwere kofi wa Lamulungu. Mkaka unkautenthetsa mpaka chala chizitha kukhalamo osathawa, n'kusungunuliramo chotupitsa, shuga, mazira awiri, batala amene tinkati mantega, ndi kamchere. Ufa wa tirigu unkalowa pang'onopang'ono, ndipo unkakanda mpaka mtanda uleke kumata m'manja, uzifewa ngati tsaya la khanda. Ukatero unkauvundikira n'kuusiya, ndipo apa mpamene ine ndinkalakwitsa, chifukwa ndinkangovundukula kuti ndione ngati watupa. Irimau ankandimenya ndi nsalu ya mbale pamsana. "Iwe akakuvundukula bulangete kasanu, ugona?" Mtanda ukatupa kawiri msinkhu wake unkauyala pa tebulo ndi botolo la vinyo, n'kupakapo mantega, n'kuwazapo shuga ndi kanela. Kanelayo ankabwera ali makungwa kuchokera kwa amwenye a ku tauni ya Vila, ndipo ndinkamusinja ndekha m'kamtondo kake kosalowamo china chilichonse. Kenako unkapinda ngati mphasa, n'kudula ndi ulusi, chifukwa mpeni umaphwanya mizere. Uvuni wa njerwa tinkauyesa ndi mkono. Ukatha kunena Tikuoneni Mariya mmodzi wathunthu mkono uli m'kati, ndiye kuti wafika pake, koma ukathawa usanafike pakati, udikire.

Loweruka loyamba limene ndinaphika ndekha, Irimau anazula nkhono yapakati n'kundiikira m'manja.

"Iyi ya wophika. Zam'mbali zimanama, zimapsa msanga. Yapakati ikapsa, zonse zapsa. Idya, undiuze."

Sindinaidye. Ndinaidina ndi chala, ndinaona kuti yabwerera, ndinati yapsa, kenako iye atatembenuka ndinaibisa m'malaya. Kunali munthu amene ndinkafuna kuti aione.

Lifidzi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940

Munthuyo anali Anachisale, mtsikana wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, wamtali, wa mpata kumano, wosachedwa kuyankha. Apa ndiye poyamba kuti mumve dzina limeneli kwa ine. Ndisanakwatire mayi anu ndinali ndi mkazi wina, ndipo ndi ameneyu.

Ndinamupeza pa chitsime tsiku limenelo, ndikuyenda modzikweza ngati ndanyamula mphete ya bishopu. Analandira nkhonoyo ndi manja awiri, anainunkhiza, anaimasula pang'onopang'ono kuyambira kunja mpaka pa mtima pake, n'kudya osandigawirako. Ine ndikudikira kuti anditamande.

"Mchere wachepa," anatero, n'kusenza mtsuko wake.

Ndinapsa mtima njira yonse, koma Loweruka lotsatira ndinawonjezera mchere, ndipo a Depuresa anandiyang'ana modabwa n'kufunsa amene wandiuza. Kuyambira pamenepo lilime la ntchito yanga linali iyeyo. Ankadziwa ngati mtanda ndaufulumizitsa, ngati nkhuni zinali zaziwisi, ngakhale ngati ndinakanda ndili wokwiya. Chaka chisanathe ankhoswe anakumana, ine ndinakamanga nyumba kwawo monga mkamwini. Ukwati wa m'tchalitchi ndinkangouzengereza. Iye anali asanabatizidwe, koma chifukwa chenicheni chinali chakuti sindinkafuna kukaima kuguwa wopanda kazako, jekete lija, wakuda ngati wa aporofesoro a pasukulu. Ndinkati ndikadzagula kazako. Matama amenewa muwakumbukire, chifukwa abweranso kutsogoloku.

Tinakhala ndi mwana mmodzi wamwamuna, ndipo anakhala nafe milungu isanu ndi umodzi. Za iyeyo sindilemba zambiri. Mbereko yake Anachisale anaichapa n'kuipinda, ndipo kwa miyezi ingapo sankaseka ngakhale ndichite zotani.

Kenako kunabwera chaka chija mvula inadula, anthu a ku Nyasalandi n'kumadutsa pa Kalomwe ndi mbale ndi makasu kudzasinthanitsa ndi chimanga. Ufa wa tirigu unasiya kubwera pa mishoni. Azibambo anayamba kudya zomwe tinkadya tonse, ndipo uvuni unazizira mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo. Tsiku lina ndinapeza Irimau atanyamula kamphika kaja, akukayang'ana ngati munthu wotsanzikana ndi mnzake.

"Palibe chodyetsa. Kataye kuseri, tsuka mphika."

Ndinavomera, koma kuseriko ndinangodutsa. Ndinakafika nako kunyumba n'kukaika pakona, osadziwa kuti ndichita nako chiyani. Anachisale anavundukula, ananunkhiza, n'kufunsa kuti chimadya chiyani.

"Ufa wa tirigu, dzanja limodzi pa mlungu."

"Basi? Ndiye mukufuna kupha chinthu chifukwa cha dzanja limodzi?"

M'mawa mwake ananyamuka wapansi kupita kwa azakhali ake cha kumapiri a ku Tsangano, kumene anthu amalima tirigu, ndipo anabwerako patapita masiku anayi ndi kathumba pamutu, mapazi atatupa. Theka anasunga la mbewu, theka ankapera pa mphero Lachinayi lililonse, dzanja limodzi, pamene ife eni ake tinkagonera maungu. Itafika Juni, chisanu chija cha kwathu chimene chimayeretsa udzu m'dambo, chotupitsa chinafooka n'kusiya kuchita thovu. Ndinabwera masana ena n'kupeza mkazi wanga akusinja pabwalo, kumsana atabereka. Nditayandikira ndinaona kuti ndi mbereko ya mwana wathu, ndipo m'katimo munali kamphika.

"Akumva mphepo," anatero osandiyang'ana.

Akazi a m'mudzimo anamuseka kokwanira. Ankamufunsa pa chitsime kuti, "Anachisale, mwana wanuyo sayamwa? Nanga dzina ndani?" Iye ankayankha kuti, "Wanga salira, sadwala m'mimba, ndipo akadzakula adzadyetsa azungu. Wanu adzadyetsa ndani?" Kumeneko kunali kuseka kwake koyamba chimwalirire mwana. Ufa utayambanso kubwera ndinabweza kamphika ku mishoni kali ndi moyo, ndipo nditafotokoza, a Depuresa anawoloka dambo ndi nsapato zawo mpaka pakhomo pathu, n'kuvula chipewa pamaso pa mkazi wosabatizidwa. Loweruka limenelo yapakati anachita kuikulunga okha.

Vila Coutinho, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950

Irimau atadwala chifuwa n'kubwerera kwawo, anandisiyira zinthu ziwiri, kalata yondichitira umboni ndi kamphika kaja. Kalatayo inandipezetsa ntchito ku Vila Coutinho, kumene tsopano mumati ku Ulongwe, m'nyumba ya mzungu wina wogula nyemba ndi kachewere. Mwamunayo sindinkamuona kawirikawiri. Bwana wanga weniweni anali mkazi wake, Dona Ameliya, mayi wowonda, wa makiyi m'chiuno, amene ankatsekera shuga ndi kanela m'kabati ngati kuti ndi zida za nkhondo. Sanali woipa mtima, koma ankakonda kuti akazi anzake amuchitire nsanje, ndipo nkhono zanga zinamupatsa chimenecho. Alendo akabwera ankandiitana kuti ndiime pakhomo la chipinda chodyera, iye n'kumandiloza. Ine ndinkaima pamenepo ndi chovala choyera, mutu ukukula. Anthu a ku Vila anayamba kunditcha a Padeyiru, kutanthauza wophika mkate, ndipo ndinkachita ngati sindikumva kuti aitanenso kachiwiri.

Loweruka masana, ntchito ikatha, ndinkayenda wapansi kubwerera ku Lifidzi, yapakati ili m'thumba la malaya. Ulendowo ndi wautali, koma sindikumbuka kuti ndinatopapo. Ndikatulukira pa chitunda chomaliza ndinkaona kamunda ka tirigu ka Anachisale kali mbee pakati pa minda ya chimanga ya anthu ena, ndipo iye amakhala ataima m'mphepete mwake, akunamizira kuingitsa mbalame. Zaka zimenezo ndi zomwe ndimazilakalaka. Ndikanapatsidwa tsiku limodzi loti ndibwerereko, ndikanasankha Loweruka wamba, ndili pa chitunda chimenecho, fungo la kanela likutuluka m'malaya.

Chaka chachiwiri bwana anatsegula loja yaikulu ku Tete, ndipo Dona anati sangapite kopanda ine. Munthu wokhala ndi ntchito yolembedwa m'kadeneta, kabuku kathu ka boma kaja, asipayi, apolisi a nthawiyo, sankamugwira kupita naye ku chibalo, ndiye nkhaniyo sinali yoipeputsa. Ndinafuna kutenga mkazi wanga, koma atsibweni ake, a Chimbalanga, amenenso anali nkhoswe yake, anakana.

"Mkamwini, mwana ameneyu ndiye wotsala yekha kwa amake. Munda uwu, manda a mwana wanu awo. Inu pitani mukagwire ntchito, koma mutiuze pano kuti mubwera liti."

"Tirigu akakololedwa kawiri, ndabwera," ndinatero pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. "Ndibwera ndi kazako, tikamange ukwati."

Tsiku lonyamuka Anachisale anatenga kamphika kena n'kugawa chotupitsa pakati ndi chipande. Chakale anasunga, chatsopano anandipatsa.

"Wanu uyo, wanga uyu. Tidzaone amene amadziwa kulera."

Tete, pakati pa zaka za m'ma 1950

Wanga anafa mwezi wachitatu. Ku Tete kumatentha moti mantega amasungunuka uli nawo m'manja, ndipo chotupitsa chobadwira m'chisanu sichinapirire. Chinawawasa, chinada pamwamba, tsiku lina ndinapeza chikununkha. Dona sanadandaule, anangogula cha m'chitini chimene chinali chitayamba kubwera kuchokera ku Beira. Chimenecho chinkatupitsa mtanda msangamsanga, nkhono n'kumaoneka zazikulu, azungu n'kumaombera m'manja, koma fungo lija la thobwa logona munalibe. Yapakati ndinkangoisiya pa chiwaya. Kumudzi sindinalembe kuti chafa, chifukwa ndinkachita manyazi.

Tirigu anakololedwa kawiri, ine osabwera. Kazako ndinali nditagula, koma ndinaona anzanga ali ndi njinga ndipo ndinati munthu wa ku Tete sangakafike kumudzi wapansi. Anakololedwa kachitatu, kachinayi. Ndinkamusowa mkazi wanga, musaganize kuti ayi. Madzulo ena ndinkapita pa doko pomwe magalimoto amawolokera Zambezi, n'kumayang'ana makamyau, malole aja, ochokera kwathu atadzaza kachewere, matope ofiira a ku Angoniya adakali m'matayala, ndipo ndinkawagwira matopewo ndi dzanja. Koma m'mawa ndikavala choyera chija n'kumva "Padeyiru!", ndinkati chaka chamawa.

Mmodzi wa oyendetsa makamyau amenewo ndi amene anandibweretsera kalata. Analemba ndi aporofesoro a kumudzi, koma mawu anali a a Chimbalanga. Inati ankhoswe akumana Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Julayi, ndipo ngati mkamwini saoneka, mkazi amumasula chifukwa akukalamba ali yekha pakhomo. Vuto linali lakuti Loweruka lotsatana ndi Lamulungu limenelo mwana wamkazi wa Dona ankakwatiwa, ndipo ine ndinali nditapatsidwa ntchito yophika ziwaya makumi awiri, ntchito yofuna mlungu wathunthu wokonzekera. Ndinalowa ndi kalatayo kwa Dona, n'kumumasulira.

Ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti mzungu anandikaniza. Sanandikanize. Anamvetsera mpaka kumapeto, anasewera ndi makiyi ake, kenako anati: "Zakariya, mkazi ndi wako. Ukafuna kupita, kadeneta ndikusainira lero lomwe. Koma ukwati wa mwana wanga sungadikire. Mawa ndiitana wophika wa ku hotela, ndipo akalowa m'kuzinya muno, ndi mwake."

Ndinagwira njakata masiku awiri. Wophika wa ku hotelayo ndinkamudziwa, munthu wodula nkhono ndi mpeni. Ndikaganiza kuti iyeyo aima pakhomo la chipinda chodyera, azungu onse a mu Tete akumuyang'ana, nsanje inkandidya. Ndiye ndinadziuza kuti mkazi amene anayenda masiku anayi chifukwa cha dzanja limodzi la ufa, amene anabereka mphika kumsana anthu akumuseka, sangalephere kudikira milungu ingapo. Kupirira kwake komweko ndi kumene ndinamulakwira nako. Ndinapita kwa amwenye, ndinagula kapulana, amene ena amati chitenje, wokongola kuposa onse, wa maluwa achikasu, n'kupatsa woyendetsa kamyau uja pamodzi ndi mawu akuti ntchito yandigwira, ndikubwera posachedwa.

Ukwati wa mwana wa Dona unayenda bwino. Ziwaya makumi awiri zinatha psiti, ndipo mzungu wina wamkulu anandigwira chanza. Kumudzi sikunabwere yankho, ndipo ine, chitsiru, ndinati akhala chete chifukwa kapulana wawakhazika mtima pansi. Ndinakhalanso mpaka Khirisimasi kuti njinga ikwanire.

Lifidzi, mvula ya chaka chomwecho

Ndinatsika kamyau ku Vila, ndinavala kazako, ndinakwera njinga yanga yatsopano, belu ndikuliza ngakhale panjira palibe munthu. Nditatulukira pa chitunda chija ndinayang'ana kumunda. Panalibe woingitsa mbalame, koma ndinati si nyengo yake. Pakhomo pathu ndinaona nkhokwe yatsopano yomwe sindinaluke ine, ndi khasu lachimuna litatsamira khoma. Ndisanafike pabwalo a Chimbalanga anatuluka m'nyumba ya pafupi n'kundiimitsa panjira. Anandipatsa moni wonse bwinobwino, anafunsa za ku Tete, anayamikira njinga. Kenako anatuma mayi wina kukatenga kanthu m'nyumba. Anali kapulana uja, ali chipindire.

"A Phiri, katundu wanu uyu. Ife tinaitana munthu. Pa mphasa ya ankhoswe nsalu siyankha mafunso. A kwanu omwe anavomereza kuti mlandu watha. Mwanayu tsopano ali ndi a Mateyu, aja anaferedwa mkazi chaka chatha. Ndi munthu wolima, amagona pakhomo."

Ndinafuna kukalipa, koma ndikanakalipira ndani? Ukwati wa m'tchalitchi umene ukanandiimira ndinali nditauzengereza ndekha chifukwa cha kazako yemweyo ndinavalayo. Ndinapempha kuti ndingomuona, ndipo mkuluyo anaganiza pang'ono n'kuvomera, iye ali pomwepo.

Anachisale anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, ndipo ndinaona kuti ndi woyembekezera. M'manja ananyamula chinthu chokulungidwa m'mbereko ija, yomwe tsopano inali itatuwa. Anagwada patali, monga amachitira mkazi kwa mlendo.

"Mwayenda bwanji, a Phiri?"

"Ndayenda bwino, kaya inu?"

"Ife tilipo."

Ine ndi amene ndinayamba, ndipo ndinayamba ndi funso lopusa. "Anachisale, simukanadikira pang'ono?"

"Munati kawiri, ndinadikira kanayi," anatero mosakweza mawu. "Tsiku la ankhoswe ndinakhala pa mphasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali kunjira. Kamyau atalira kumsewu ndinaimirira, anthu onse akundiona. Kunabwera nsalu."

Anamasula mbereko, n'kukankhira kamphika kutsogolo kwanga. Ndinavundukula. Chinali chikuchita thovu, fungo lake lomwe lija, moti kwa kanthawi ndinaona ngati ndili m'kuzinya ya pa mishoni, a Depuresa ali kumbuyo kwanga.

"Mwana wanu uyo. Sanagonepo ndi njala, Lachinayi lililonse amadya. Nanga wanu?"

"Anafa chaka choyamba."

"Ndinadziwa. Kumeneko kunalibe msana." Anamwetulira pang'ono, mpata uja n'kuoneka, kenako anayamba kupinda mbereko pa bondo. "Mutengeni. Msana uno ukubwera mwini wake."

Mbereko anabwerera nayo m'nyumba. Ine ndinavula kazako, ndinakulungiramo kamphika kuti kasagwedezeke, ndinamangirira kumbuyo kwa njinga, ndipo ndinaikankha wapansi mpaka ku Vila. Imeneyo ndiyo ntchito yokhayo imene kazako ameneyo anagwira.

Ku Tete sindinabwererenso. Ndinamanga uvuni wanga m'mbali mwa msewu wopita ku Kalomwe, pomwe pano munabadwira, n'kuyamba kuphikira apaulendo. Loweruka loyamba nditatulutsa chiwaya, manja anachita okha zomwe anazolowera. Ndinazula yapakati, ndinaikulunga, ndinaiika m'thumba, ndipo ndinayenda ndithu mtunda wabwino kulowera ku Lifidzi ndisanakumbuke kuti mwamuna sapititsa chakudya kwa mkazi wa mwini. Ndinaima pakati pa msewu. Kunkabwera mayi wina wosenza nkhuni, ndinamupatsa, ndipo anapita akutembenukatembenuka poganiza kuti ndine wamisala. Patapita zaka ziwiri ndinakwatira mayi anu, m'tchalitchi, nditavala malaya wamba. Ndinawauza zonse tisanapite kuguwa, ndipo ankati akamasesa pafupi ndi kamphikako amakasuntha ndi manja awiri.

Anachisale anabereka ana asanu kwa a Mateyu. Tinkakumana pa maliro ndi pa misika, n'kupatsana moni wa anthu odziwana, basi. Atamwalira ndinapita, ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi alendo, ndipo palibe amene anafunsa kuti mkulu uyu akulira chiyani.

Kamphika kali pa alumali pafupi ndi uvunika ndi komweko. Mkate uliwonse umene munadya m'nyumba muno, umene unakugulirani makope ndi nsapato, unatupa ndi chimene mayi ameneyo anabereka kumsana. Rozariya, iwe ndi amene uli ndi manja otentha, ndiye ndikusiyira iwe. Uzikadyetsa Lachinayi, dzanja limodzi, ndipo m'Juni usakasiye pansi. Ine ndikadzapita, kumsewu musadzapitenso. Yapakatiyo mudzagawane, kenako mudzauzane mmene imakomera. Anachisale ankati ndi yofewa kuposa zonse. Ine sindinailawepo.